Maluwa a Pagalasi

Abale anga, ku Zomba kunali mayi wina, katswiri wolemba mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono. Sindikunena makompyuta a mu ofesi ayi, koma tija timabisala m'kati mwa zipangizo, kaubongo kake kochepa ngati chikhadabo.

Mayiyu anapanga bokosi lofunditsa ana obadwa masiku asanakwane. Pulogalamu yoyendetsa bokosilo anaimanga m'zigawozigawo, kuti ukhoza kulowetsa chigawo kapena kuchichotsa, zinazo osagwedezeka. Chigawo china chinkayeza kutentha. China chinkayatsa chotenthetsera. China chinkaliza belu zinthu zikavuta. Basi, zimenezo zinali zokwanira.

Koma mtima wa munthu, inu! Mayiyu anawonjezera chigawo chake chapamtima. Bokosi likangoyaka, pagalasi lake loonetsa manambala pankayamba kuphuka maluwa, kenako dzina lake, kanyimbo kakulira. Anachikongoletsa miyezi yambiri, ndipo pachionetsero anthu anamuombera m'manja mpaka manja kuwawa.

Bokosi lija linapita ku chipatala chaching'ono cha kumudzi. Magetsi a kumeneko mukuwadziwa nokha: abwera, athima, abweranso. Akabwera, kamakina kankayambira pa maluwa. Kaubongo n'kochepa, sikangasenze zonse pakamodzi, ndiye chotenthetsera chinkadikira. Chisanayake n'komwe, magetsi athimanso.

Tsiku lina namwino anamuimbira foni katswiri uja. "Mayi, bwerani msanga! Mwana akuzizira kuno, makina anuwa akungotionetsa maluwa."

Atafika anapeza mayi wa mwanayo atamukumbatira pachifuwa, atamufunditsa chitenje, milomo ikupemphera. Mkulu wa chipatala analoza bokosi lija n'kunena kuti, "Nyamulani chinthu chanuchi, chatikwana."

"Pepani bambo, sindichoka nacho," anayankha katswiri uja. "Sichinaonongeke chonse. Cholakwa ndi chigawo chimodzi, ndipo ndikuchidziwa."

Anakhala pansi, n'kulumikiza laputopu yake. Tsono mverani apa. Akanatha kuchotsa belu n'kusiya maluwa. Malo akanapezeka, chotenthetsera chikanayaka, ndipo palibe akanadziwa kufikira tsiku la tsoka. Chala chinaima m'malere. Zinamuwawa, ndisakunamizeni, zinamuwawa kwambiri. Kenako anayang'ana timapazi ta mwana uja titatulukira m'chitenje. Analuma mano, n'kufufuta maluwa, nyimbo ndi dzina lake lomwe.

"Thimitsani magetsi dala, muyatsenso," anatero.

Anathimitsa. Anayatsa. Pagalasi panalibe chokongola chilichonse, nambala yokha ya kutentha. Koma nthawi yomweyo bokosi linayamba kufunda. Anamugoneka mwana uja m'katimo, ndipo pang'onopang'ono anayamba kutambasula timiyendo. Palibe anaomba m'manja tsiku limenelo.

Abale, kamakina kaja ndi mtima wanu ndi wanga. Ndi kochepa, sikangasenze zonse. Mulungu anaikamo ntchito yoti wina afunde chifukwa cha inu. Koma ife tadzazamo maluwa athu, dzina lathu, kanyimbo kotitamanda, ndipo amene tinatumidwa kwa iye akuzizira pakhomo pathu pomwe.

Musanene kuti, "Ine ndinaonongeka kale, anditaye." Mulungu sataya munthu yense chifukwa cha chigawo chimodzi. Komanso musachotse belu, chikumbumtima chanu chija, kuti maluwa atsale. Chigawo choyenera kuchoka mukuchidziwa, chabwera kale m'maganizo mwanu pamene ndimalankhula pano. Chiwawe, chisawawe, chichotseni lero. Pali mwana akudikira kufunda.