Nyumba Zachikole za Che Jafali

Che Jafali Matola anafika pamzikiti wathu ku Bangwe swala ya masana itangotha. Analunjika pakhonde pomwe Shehe Swaleyi Mtalika ankatiphunzitsa ife aphunzitsi a madrasa. Munthuyu tonse tinkamudziwa: anali mwini golosale yaikulu komanso mdadada wa nyumba za lendi kumtunda kwa msika. Anapereka salamu ali chiimire, thukuta lili kamukamu.

"Khalani, Che Jafali," anatero Shehe, akuwasendezera mkeka.

"Sindikhalitsa, Shehe. Nyumba zanga za lendi zija zili pachikole kubanki. Loya wandiuza kuti nditsegule kampani, nyumbazo ndizilembetse m'dzina la kampaniyo. Akuti zikatero, mlandu uliwonse wochokera panyumbazo woyankha ndi kampani. Golosale yanga ndi nyumba yomwe ndimagonamo palibe angazikhudze. Kodi chipembedzo chikuloleza?"

"Kutsegula kampani si tchimo," Shehe anayankha mofatsa. "Koma a banki, eni chikole, mwawauza?"

"Adzamva zonse zikatha."

"Nanga mlandu mukuuthawawo ndi uti?"

Che Jafali anayang'ana ife, nayang'ananso kumsewu. Kenaka anatsitsa mawu.

"Khoma lakumbuyo la imodzi mwa nyumbazo lang'aluka. Lapendekera kuchipinda komwe kumagona ana a mayi wina wamasiye. Mvula yayandikira, ndipo pokonzera ndilibe. Likagwa nyumba zikadali m'dzina langa, ine ndatha."

"Mayiwo mwawachenjeza?"

"Akatuluka, ngongole ndibweza ndi chiyani?"

Shehe anatseka buku lomwe linali pamiyendo pawo. Che Jafali anapsa mtima.

"Sindinabwere kudzazengedwa mlandu ine! Lamulo la boma likulola. Malata a mzikiti uno ndinagula ndine. Ndiuzeni basi, inde kapena ayi?"

Mmodzi wa ife anafuna kudzuka, koma Shehe anamuletsa ndi dzanja.

"Allah akulipireni zabwino pa malatawo," anatero. "Malamulo a makampani loya wanu akuwadziwa kuposa ine. Ine sindingakuphunzitseni zimenezo. Ngati mukufuna kampani kuti malonda anu ayende mwadongosolo, pitani kubanki masana dzuwa likuswa mtengo, akavomera muchite. Koma ana aja musawagonekenso m'chipindamo lero."

"Ndiye kampaniyo indithandiza chiyani?"

Shehe anawayang'ana kwa kanthawi, mwachisoni.

"Pepala likhoza kusamutsa nyumba, Che Jafali, koma silisamutsa zomwe mtima wanu ukudziwa. Kung'aluka kwa khomalo mwakuona ndinu ndi maso anu. Kampani sisambitsidwa, sikulungidwa m'sanda, ndipo siikidwa m'manda. Tsiku la Kiyama, lachiweruzo lija, ana aja akadzafunsidwa chomwe chinawapha, wodzutsidwa kuti ayankhe adzakhala inu, m'dzina lomwe anakupatsani bambo anu."