Ndodo ya Gofu ya pa Chiliza

Panali munthu wina ku Limbe amene ankatolera ndodo zakale za gofu. Sankatola ndodo iliyonse ayi. Ankafuna zija za mutu wopyapyala ngati mpeni, zimene amisiri akale ankachita kusula, kumenya chitsulo chili psuu mpaka chimvere. Zamasiku ano zothira m'chikombole ankati ndi mapoto. Ankazisaka m'kaunjika, m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, ndi kwa akazi amasiye a anthu amene ankasewera kale. Mkazi wake ankadandaula kuti nyumba yasanduka mogulitsira zitsulo zakutha, koma ankangolankhula ndi khoma.

Kuzidziwa kokha ankazidziwadi, tisamunamizire. Mukamupatsa mutu wa ndodo wadzimbiri, ankayang'ana chidindo chakumbuyo, n'kupapasa khosi polowa mpini, n'kuugogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu. Kenako ankakuuzani dziko limene unasulidwa ndi zaka zake. Anzake a ku kalabu anamutcha Dokotala, ndipo dzinalo linkamukomera koopsa.

Chimene anzakewo sankadziwa n'chakuti bambo ake anali kadi, munthu wonyamulira osewera chikwama cha ndodo. Anakalamba akuyenda pambuyo pa anthu ena, phewa litapendekeka, ndipo ndi phewa lomwelo anaphunzitsa mwanayu sukulu. Moyo wawo wonse anali ndi ndodo imodzi yokha, nambala 7, imene bwana wina anawasiyira pobwerera kwawo. Makadi a nthawi imeneyo ankasewera okhaokha bwalo likakhala lopanda anthu, aliyense ndi kandodo kake. Pofuna kuti wina asanamiziridwe kuba, aliyense ankakhoma chizindikiro chake ndi msomali kumbuyo kwa mutu wa ndodo. Bambowa, poti sankadziwa kulemba, anakhoma timaenje titatu ngati mafuwa.

Atamwalira, ndodoyo inapatsidwa kwa mwanayu, poti ndiye wokonda zimenezi. Iye anali kale ndi zina zinayi za mtundu womwewo, msuli yemweyo, nambala yomweyo. Anaipachika pakhoma pamodzi ndi zinzake.

Loweruka lina anaitana anzake a ku kalabu kudzaona chuma chakecho. Ankatsitsa ndodo imodziimodzi, iye akufotokoza, iwo akugwedeza mitu. Mmodzi wa iwo anatsitsa ya bambo ija, n'kuitembenuza, n'kuseka.

"Iyi ndiye anaiononga. Taonani timaenje iti, ndi ya kadi imeneyi. Mwaitola kuti, a Dokotala?"

Yankho linali lalifupi, ndipo linafika mpaka pakhosi. Koma munthuyo anayang'ana nsapato za alendo ake, anayang'ana magalimoto awo panja, n'kumeza. Nayenso anaseka.

"Ndinaipeza pakaunjika," anatero. "Anthu onyamula zikwama aja sadziwa kusamala chinthu."

M'mawa mwake anatenga tupa. Anakhala pakhonde n'kupala timaenje tija mpaka tinatha. Koma pamalo popalidwapo panawala mosiyana ndi ponse, ndipo anaona kuti wodziwa adzafunsabe. Choncho anasonkhanitsa ndodo zonse zisanu za nambala 7 n'kupita nazo kwa mmisiri wina m'tauni, kuti azipale dzimbiri, aziwalitse, ndi kuziika zogwirira zatsopano. Zinabwerako zili mbee, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Anazipachika, mtima wake n'kukhala pansi. Palibenso amene anafunsa.

Patapita nthawi, abale anagwirizana zomanga chiliza pamanda a bambo aja. Mayi ake, amene maso anali atayamba kuchita khungu, anatumiza mawu kuchokera kumudzi. Anati mmisiri womanga wavomera kumatirira ndodo ya bambo ake ija pamwamba pa simenti, kuti wodutsa aziona kuti pagona munthu amene anagwira ntchito. Anati abwere nayo.

Munthu uja anatsitsa ndodo zisanu n'kuziyala patebulo. Anayang'ana zidindo, zinali chimodzimodzi. Anatenga galasi lokulitsa zinthu, sanaone kanthu, pakuti mmisiri wa m'tauni uja anagwira ntchito yake bwino. Anaziika pasikelo, koma zonse zinali zitapalidwa, zonse zinali zitapepukako. Anazigogoda ndi chikhadabo, zonse zinalira mofanana. Munthu wotha kukuuzani za msuli wakutsidya kwa nyanja amene sanamuonepo, analephera kuloza ndodo imene bambo ake anagwira mpaka manja kuchita zikang'a.

Anaganiza zotenga msomali n'kukhomanso timaenje. Koma pa iti? Pamapeto pake anangotseka maso, n'kutola imodzi, n'kuikulunga m'nsalu.

Tsiku la chiliza anthu anadzaza kumanda. Simenti inali itakandidwa kale, womanga akudikira. Mayi aja anakhala pamphasa, ndipo mwana wawo anagwada n'kuwapatsa ndodoyo ndi manja awiri. Mayiwo anaimasula m'nsalu muja. Anaitembenuza n'kuyamba kuyendetsa chala chachikulu kumbuyo kwa mutu, pamalo pamene ankapadziwa. Anayendetsa, anabwereza, anapukuta chala pachitenje n'kuyendetsanso.

"Timaenje ta abambo ako tija tili pati, mwanangu?"

Abale onse anatembenukira kwa munthuyo.

Mayi aja anapumira m'mwamba. "Iii, zala zanga nazonso zakalamba. Maso anapita, tsopano ndi izi. Pepa mwanangu, ndiwe wodziwa zinthu zimenezi. Ukati ndi yomweyi, ndi yomweyi."

Anaipsompsona ndodoyo n'kuipereka kwa womanga. Ndipo mwana uja anakhalabe chogwada, n'kulola mayi ake kunamizira zala zawo. Ndodo inamira m'simenti, azimayi anayamba nyimbo, achibale n'kumamugwira paphewa kumuthokoza kuti anaisunga bwino, yaoneka ngati yatsopano. Manyazi amene anamugwira tsiku limenelo anali oposa aja anawathawa pamaso pa alendo ake. Aja akanatha tsiku lomwelo tiyi asanazizire. Awa anapita nawo kunyumba.

Mpaka lero munthuyo sadziwa ngati ndodo ili pamanda ndi ya bambo ake kapena ya mlendo wina amene sanapondepo m'mudzimo. Zinayi zotsala zija anazichotsa pakhoma. Kuzigulitsa sangathe, poopa kugulitsa bambo ake. Kuziyang'ana sangathenso.

Ndikunena ndi inu amene mwakwera, inu amene tsopano mumakhala pamipando yofewa ndi anthu a mayina. Aliyense wa inu ali ndi timaenje take: ntchito imene bambo anu ankagwira, kalankhulidwe ka mayi anu, dzina la mudzi limene mumalitchula chapansipansi. Lidzafika tsiku wina adzaseka n'kufunsa kuti mwazitola kuti zimenezi. Muyankheni pomwepo, manyazi ake ndi a kanthawi. Mukatenga tupa, mudzapaladi bwino, ndipo anthu adzasiya kufunsa. Koma tsiku lina mudzafuna kuloza kuti uyu ndiye anandibala, ndipo simudzapeza pogwira. Choipitsitsa n'chakuti amene amakukondani adzakukhulupirirani, n'kudziimba mlandu okha.