Ukwati wa Namsipu ndi Chiphulika

Kalekale, anthu asanadziwe mchere, ndiwo zonse zinali zozizira. Nyama yozizira, nsomba yozizira, ngakhale bowa, abale, wozizira.

M'mudzi wina munali mtsikana, dzina lake Namsipu. Khungu lake linali lobiriwira, ndipo mpweya wake unali woopsa. Akapuma, nkhuku zinkagwa. Akaseka, ana ankatsamwa. Akayimba, masamba ankafota. Kutsidya kwa mtsinje kunali mnyamata, Chiphulika, wofewa thupi koma woyaka msanga. Dontho la madzi likangom'gwera, phu! moto.

Anthu anatopa naye Namsipu. Anapangana kuti mwezi ukaoneka akam'tsekere kuphanga, afere komweko.

Malume ake, a Kachigamba, anakana. Ine bambo amenewa ndimawagomera. Anali ochepa thupi, koma liuma lawo, eee!

"Mwana wa mlongo wanga simum'taya ngati chiguduli," anatero. "Ndim'pezera mwamuna."

Anthu anaseka. "Mwamuna wake uti wofuna kufa?"

"Chiphulika."

"Aaa, a Kachigamba, mutu ukuyenda bwino? Utsi ndi moto nyumba imodzi? Mutimaliza inu!"

A Kachigamba ananyamuka. Anawoloka mtsinje, anakamba za ukwati, anabwera naye mkamwini atam'bereka kumsana kuti madzi asam'khudze.

Tsiku la ukwati anthu anaonerera ali patali, atatseka mphuno. Awiri aja anayang'anana. Anayandikirana. Anagwirana manja. Kunawala ngati mphezi, kenako zii. Ukali wa mkazi unatha, moto wa mwamuna unazima, ndipo onse awiri anayera mbee, akunyezimira.

Pomwepo mvula inayamba kugwa.

"Thawani, aphulika!" anthu anakuwa.

Koma sanaphulike. Anasungunuka ali chigwirirane, madzi n'kuwatenga. Kwina analowa m'dothi la m'madambo, kwina anauma n'kukhala miyala pansi pa nthaka, ndipo mbali yaikulu inatsikira kunyanja yakutali ija ya madzi osamweka.

A Kachigamba anakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira. "Ndam'landitsa kuphanga, ndam'pereka kwa mvula. Mwana wanga, uli kuti?"

Msozi unatsikira pamlomo pawo. Anaulawa, n'kumva kukoma kwachilendo. Anasiya kulira.

"Si uyu!" anatero. "Ali muno, mwa ine."

Mvula itakata, dambo linatuwa. Amayi anakokola dothi lotuwalo, anathira madzi, anasefa, anawiritsa mpaka mumphika munatsala zoyera. Umenewo ndiwo unali mchere woyamba. Ndipo anthu aja ankafuna kum'tsekera mwana kuphanga ndi amene anayamba kutambasula manja kupempha. Manyazi analibe!

Mpaka lero Namsipu simungam'peze akuyenda yekha padziko. M'dothi, m'miyala, m'nyanja, m'thukuta lanu lomwe, ali ndi mwamuna wake, sanasiyane.

Tsono imvani: munthu musamam'taye chifukwa cha ukali wake. Mwina sanapeze wom'gwira dzanja.

Phulani mbatata zanu pamoto, nthano yanga yapsa.