Foni Yachiwiri ya a Lemani

Pa esiteti ina ya fodya ku Lukwa, netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha, ndipo dzinja chulucho chinkaterera. Choncho bwana anagula foni ya muofesi yopanda chingwe, yokhala ndi zolankhulira ziwiri. Chimodzi chinkakhala patebulo la Louisa, kalaliki, kuti antchito aziimbira kwawo. Chinacho anapatsa a Lemani, kapitawo wa zigafa.

A Lemani sanachedwe kutulukira kuti wina akamalankhula muofesi, iwo n'kudina batani, ankamva zonse. Kuyambira pamenepo fodya ankamusankha ndi dzanja limodzi.

Tsiku lina Louisa anawapeza kuseri kwa chigafa, khosi litapendekeka.

"A Lemani, kumvetsera foni ya munthu mobisa ndi mlandutu. Ngakhale kupolisi amaulandira."

"Ndathyola chitseko cha ndani, mwanawe? Mawuwa akubwera okha."

"Batanilo likudzidinanso lokha?"

Anamuyang'ana cham'mbali, nayamba kuuza anthu kuti mtsikanayo sukulu yamuzunguza mutu.

Kenaka Gomezgani, woyendetsa thirakitala wochokera ku Mzimba, anaimbira amalume ake kuti abwere kudzamufunsira mbeta, Vailet wa m'mudzi woyandikana ndi esitetiyo. Nkhani yotere imalowera pakhomo la malume wa mtsikana, ndipo woyamba kuimva ndi iyeyo. Koma a Lemani, amene anaimva pafoni paja, inawayabwa m'kamwa. Tsiku la msika ku Santhe anaiyala pakati pa okonza njinga, ndipo a Lazaro, malume a Vailet, anaimva akupopetsa tayala.

"Mwana wa mlongo wanga wasanduka belo la fodya la ku okushoni?" anakalipa a Lazaro. "Mnyamata wolengeza mbeta pamsika asadzaponde pakhomo panga!"

Vailet anasiya kudya. Gomezgani atadziwa kumene mawu ake anatulukira, anauyamba ulendo wa kupolisi. Mwa onse amene ankasekerera nkhani za a Lemani, palibe anaonetsa nkhope. Louisa ndiye anamuimitsa Gomezgani pachipata.

"Achimwene, apolisi angamange a Lemani, koma sakakufunsirani mbeta. Tandidikirani kaye."

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Louisa anapita kwa kapitawo uja.

"Valani jekete. Tikupita kwa a Lazaro."

"Ndikanene chiyani ine?"

"Zimene munachita. Pakamwa muli napo, Santhe yense ndi mboni."

A Lemani anafika chipewa chili m'manja, nakhala pansi. Anafotokoza kuti mnyamatayo anauza amalume ake okha, monga mwa mwambo, ndipo iwo a Lemani ndi amene anaba mawuwo pafoni. Kenaka a Lazaro anafunsa:

"Ndiye kuti mnyamatayo anadzera pakhomo, wolowera pawindo ndinu?"

"Ndine, bambo."

"Mubweretse tambala. Ndipo alendowo akadzafika, ine sindinamvepo kanthu. Inunso simunamvepo kanthu."

Pobwerera a Lemani anamukweza Louisa panjinga, ndipo atafika pamlatho anati:

"Mwanawe, ukanandisiya, bwenzi pano ndili m'chitokosi."

"Bwenzi muli m'chitokosi, fodya akuwola. Palasani, bambo."

Mwezi wotsatira amalume a Gomezgani anafika, nayalidwa mphasa. Atanena chimene anabwerera, a Lazaro anadabwa mokongola kwambiri, moti Vailet, ali kukhitchini, anatseka pakamwa ndi chitenje kuti kuseka kusamveke.

Okusekerera amabalalika zikavuta. Sananame akuluakulu aja: wakutsina khutu ndi mnansi.