Matumba Ofiira a Mayi Namukhoyo

Kalekale, koma osati kale la minyanga ndi mikanda ayi, kale loti mafoni anali atalowa kale m'matumba mwa anthu, ku Luchenza kunali mayi wina wamalonda dzina lake Namukhoyo. Mayiyu ankagula nandolo kwa alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, n'kumupeta, n'kumusunga mu shedi yake yaikulu pafupi ndi njanji. Shediyo anaimanga yekha mwamuna wake atamwalira, ndipo ndi imene inaphunzitsa ana ake atatu. Woyamba anali Ganizani, amene anakhala loya. Wachiwiri anali Zione, woyang'anira mapepala a malonda. Mzime anali Mwandida, amene ankayenda m'midzi kukambirana ndi alimi.

Chaka china wamalonda wa ku India, a Vasani, anafuna kugula nandolo kwa mayiwa mwachindunji, osadzeranso mwa anthu ena. Anasainirana mgwirizano. Nandolo akhale woyera yekhayekha, wothira mankhwala a anankafumbwe, kulemera kwake monga kwalembedwera. A Vasani anafunanso chitsimikizo choti katundu akafika wosayenera, banki ya kuno iwalipire. Banki inavomera, koma inagwira shedi ija ngati chikole.

Tsono inu mukuudziwa mwambo wathu wa pamsika. Ukagula mulu wa tomato, wogulitsa amaponyapo mmodzi pamwamba, banyira, kuti mawa ubwerenso. Mayi Namukhoyo anakulira pamsika, ndipo mwambowu unali m'magazi. Tsiku lopakira, kontena itadzaza, anauza aganyu kuti aike pakhomo penipeni pa kontenayo matumba angapo a nandolo wofiira wa m'munda mwawo, wokoma uja, wosachedwa kupsa.

"Munthu wagula zochuluka chonchi apite wopanda banyira?" anatero. "Ine sindinaleredwe choncho."

Mayiwo sanawauze ana awo. Akanawauziranji? Amaitanitsa msonkhano poponya tomato mmodzi ndani?

Kontena inayenda pamsewu, inakwera sitima ya pamadzi, inafika. Oyendera katundu padoko atatsegula chitseko, choyamba kuona ndi matumba ofiira, osalembedwa pa mapepala, osathira mankhwala, anankafumbwe akuyenda mwaufulu ngati kwawo. Anatseka chitsekocho n'kuletsa katundu yense kutuluka.

A Vasani anapsa mtima. "Ngati pakhomo pali zotere, kumbuyoko kuli zotani?" anatero. Anakana katundu, analamula banki kuti iwalipire, ndipo anakanena ku bungwe la ogula nandolo kwawoko kuti Namukhoyo ndi tambwali, wina asayerekeze kugula kwa iye. Banki nayo sinachedwe: inalengeza kuti shedi igulitsidwa.

Mayi Namukhoyo atamva anangokhala pa sikelo. Manyazi anawagwira kuposa mantha. Anaitana ana awo n'kuwauza za matumba ofiira aja.

"Ine ndimati ndikuchita ulemu," anatero.

Ganizani sanataye nthawi n'kukalipa. Anavala mkanjo wake n'kuthamangira ku khothi ku Blantyre. Kumeneko anauza woweruza kuti shedi ikagulitsidwa mlandu usanamvedwe, ngakhale amayi ake adzapambane pambuyo pake, adzapambana alibe pogwira. Maloya a banki anatsutsa mwamphamvu, koma iye anaima nganganga. Woweruza anapereka chiletso: banki isalipire, shedi isagulitsidwe, kufikira nkhani itaweruzidwa. Anthu amene anabwera kale kudzayeza makoma a shedi ndi maso anabwerera manja ali m'thumba. Koma Ganizani, monga mudziwa maloya akalawa magazi, sanalekere pomwepo. Anasumiranso a Vasani mlandu woipitsa mbiri ya amayi ake, nkhaniyo n'kutuluka m'nyuzipepala. A Vasani atamva anauma mtima kuposa kale, ndipo anasiya kuyankha foni iliyonse yochokera ku Malawi. Komanso woweruza uja anauza Ganizani mosabisa kuti nkhani yeniyeni ya nandolo iye sangaiweruze, chifukwa mgwirizano unanena kale kumene iyenera kupita, ndipo chiletsocho chinali cha kanthawi chabe.

Apa ndi pamene panalowa Zione. Nthawi yosainirana ija, iye ndi amene anakakamira ndime ina imene aliyense ankaiona ngati yotayitsa nthawi. Ndimeyo inati pakabuka mkangano, nkhani isapite ku khothi la kwa a Vasani kapena la kwathu kuno, koma kwa wogamula wosankhidwa ndi mbali zonse ziwiri, ku Mauritius, dziko lomwe si la uyu kapena uyo. Zione anasonkhanitsa mboni: munthu amene anathira mankhwala, woyendetsa lole, mkulu wa aganyu. Anapita nawo kwa wogamulayo, n'kupempha chinthu chimodzi, chakuti matumba onse atulutsidwe, abooledwe limodzilimodzi, mbali zonse zikuona. Zinachitikadi. Kupatula ofiira a pakhomo aja, ena onse anapezeka oyera, ouma, opanda kachilombo ndi kamodzi komwe. Koma Zione anawaletsa amayi ake kutsegula pakamwa.

"Amayi, mukangonena kuti munaika dala, mlandu watha," anatero. "Tinena kuti aganyu anasokoneza popakira. Inu khalani phee."

Mayiwo anakhaladi phee, mtima ukuwawa, chifukwa mphatso yawo inatchedwa kusokoneza. Wogamula anagamula kuti chinyengo panalibe. Matumba ofiira anaphwanyadi mgwirizano, choncho Namukhoyo alipire za kuchedwa kwa katundu padoko. Koma a Vasani alandire nandolo woyerayo, asiye zofuna ndalama ku banki kuti chikole chimasuke, alipire zonse zimene mlanduwo unadya, ndiponso apepese pamaso pa bungwe lawo lija. Dzina la mayi linayera papepala.

Koma pepala silitsegula chitseko cha kontena. A Vasani, munthu wa imvi zake, atamva zopepesa pagulu anati bola afe. Anauza maloya awo kuti akatsutse chigamulocho m'makhothi a kwawo, kumene mlandu ukhoza kukalamba ngati munthu. Mlandu suola, inde, koma nandolo amaola. Chiletso cha Ganizani chinali pafupi kutha mphamvu, banki ikunola mpeni, ndipo ogula ena onse anali akuopabe dzina la Namukhoyo.

Mwandida ndiye anati, "Achimwene, achemwali, amayi ndi a Vasani anayamba alankhulanapo okha chiyambire nkhaniyi?"

Zoona zake, anali asanalankhulanepo.

Mwandida anafunafuna mkhalapakati, mayi wina wa ku Kenya amene ntchito yake inali yomweyo yoyanjanitsa amalonda a m'maiko osiyana. Mkhalapakati saweruza, salamula. Amangokhazika anthu pansi, ndipo zolankhulidwa m'chipinda chake sizituluka kukakhala umboni ku khothi. A Vasani anakana poyamba. Anati sangakhale pansi ndi anthu amene akuwasumira ndi dzanja linalo. Mwandida anagwada pamaso pa mchimwene wake mpaka Ganizani, akung'ung'udza, anachotsa mlandu woipitsa mbiri uja. Pamenepo a Vasani anavomera, ndipo anakumana ku Nairobi.

Tsiku loyamba aliyense anakhala chipinda chake, mkhalapakati akupita uku ndi uku. Tsiku lotsatira anawaika pa tebulo limodzi, maloya kunja, Mwandida akumasulira. A Vasani anafunsa funso limene linkawadya mumtima.

"Aganyu sasokoneza n'kusanja matumba bwinobwino pakhomo. Munawaikiranji?"

Mwandida anayang'ana amayi ake. "Nenani, amayi. Muno mulibe woweruza."

Mayi Namukhoyo anafotokoza za tomato wa pamsika, za munda wawo, za nandolo wofiira amene sagulitsa kwa wina aliyense chifukwa ndi wodya pakhomo.

A Vasani anati, "Ndiye bwanji simunandiimbire foni kuti mwandiikira mphatso?"

"Banyira salengeza," anatero mayiwo. "Nanga inu bwanji simunandiimbire musananditchule tambwali?"

A Vasani anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale.

Anamvana tsiku lomwelo. A Vasani analandira nandolo, anamasula chikole, ndipo anauza bungwe lawo kuti nkhani yatha mwamtendere, Namukhoyo ndi munthu wogula naye malonda. Koma Mwandida nayenso anapereka. Anavomera kuti zopepesa pagulu zija zisiyidwe, kuti zimene mlandu unadya aliyense asenze zake, ndiponso kuti chaka chotsatira nandolo yense wa shediyo agulitsidwe kwa a Vasani okha, ngakhale wina atabwera ndi mtengo wabwino. Zione atamva anakwiya kwambiri moti anatha masiku osamuyankhula mng'ono wake.

Shedi inapulumuka. Koma nkhaniyi inawatha mayi Namukhoyo. Magazi anayamba kuthamanga, dokotala anawauza kuti apume, nawonso anavomera kuti nthawi yawo yosiya malonda yakwana. Anaitana ana atatu aja mu shedi momwemo, n'kuika kiyi patebulo.

"Atambala awiri salira m'khola limodzi, nanji atatu," anatero. "Mudzadya nonse, koma wolamulira akhale mmodzi. Kiyiyu atenge amene anapulumutsa shedi ino."

Ganizani anayamba. "Amayi, pakanapanda chiletso changa, bwenzi muno muli golosale ya munthu wina. Zione akanakagamulitsa za shedi yogulitsidwa kale. Mwandida akanakayanjanitsa anthu pa chinthu choti kulibe."

"Chiletso chanu chimatha, achimwene," anatero Zione, "ndipo mlandu wanu wa m'nyuzipepala ndi umene unaumitsa munthu mtima. Ine ndinaonetsa kuti amayi si akuba. Mukuganiza kuti a Vasani akanapita ku Nairobi akanapanda kugonja? Anapita chifukwa chigamulo changa chinali pakhosi pawo."

"Munaonetsadi, achemwali," anatero Mwandida, "koma munaonetsa powatseka pakamwa amayi ndi kunamizira aganyu. Ndipo chigamulocho chinatulutsa thumba ndi limodzi lomwe padoko?"

"Iwe unagulitsa zimene ine ndinapambana."

"Ndinagulitsa zina kuti zotsalazo zifike m'manja."

Mayi Namukhoyo anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. Aliyense ankanena zoona, ndipo aliyense anali ndi pake pomwe analakwitsa. Anatambasula dzanja kuti atole kiyi, n'kulibwezanso. Ankadziwa kuti amene amupatse, awiri enawo adzaona ngati ntchito yawo yaponyedwa kudzala, ndipo ankawadziwa ana awo: wina akhoza kuchoka osadzapondanso pakhomo. Ankadziwanso kuti akapanda kusankha, shedi imene inapulumuka m'manja mwa banki idzafera m'manja mwa ana awo omwe. Kunja nandolo anali atayamba kuuma m'minda, ndipo alimi ankafika pageti kufunsa kuti chaka chino akambe ndi ndani.

Ine nkhaniyi ndaifikitsa pamene ndingathe, ndipo kiyi akadali patebulo paja. Inu amene mwamva, tandiuzeni: kiyiyu apatsidwe Ganizani amene anagwira shedi kuti isagulitsidwe, Zione amene anayeretsa dzina la amayi ake, kapena Mwandida amene anathetsa mkangano? Ndipo awiri otsalawo mukawauza kuti chiyani?