Mbuzi Zisanu za Nachisale

Nachisale anali asanalandirepo ngakhale chingwe cha mbuzi, koma Bambo Kapalamula, mkulu wa bungwe lothandiza amphawi, anamuopseza: "Mayi, azungu otipatsa ndalama akabwera mawa munene kuti munalandira mbuzi zisanu. Mukakana, ufa muuiwale."

Nachisale anavomera.

Azungu atafika, Nachisale anagwada n'kuwomba m'manja. "Zikomo kwambiri! Mbuzi zija zanenepa zedi. Tiyeni mukazione."

Anakwera nawo galimoto n'kuwalondolera mpaka kukhola la Bambo Kapalamula, lodzaza mbuzi zokhala ndi zizindikiro za bungwe m'makutu.

"Zikutani kuno?" anafunsa mzungu wina.

"Bwanawa amatisungira," anatero Nachisale. "Amatidziwa ife amphawi. Mukatipatsa mbuzi m'mawa, madzulo ndi ndiwo."

Bambo Kapalamula, thukuta lili kamukamu, anagwira okha mbuzi zisanu n'kumukwezera Nachisale m'galimoto.