Mtsuko wa Ukwati wa Tekla

Moni okondedwa, ndipo tithokoze Mulungu amene amakhwimitsa mphesa ife tili m'tulo.

Bambo ake atamwalira, munda wa mphesa wa kudera la Kakheti unatsala m'manja mwa Gela. Chaka chimenecho anaponda mphesa yekha, nathira madzi ake ndi makoko omwe mumtsuko waukulu wokwiriridwa pansi, umene agogo ake ankasungiramo vinyo wa maukwati. Thovu litaleka, anavundikira ndi mwala n'kumata dongo. Lamulo la nyumbayo linali limodzi: dongo silisweka mpaka Pasaka. Ndipo Pasaka ikangodutsa, mwana wake Tekla ankayenera kukwatiwa.

Koma mtima wa Gela unali m'mwamba. Ankalowa m'nyumba ya mitsuko, kutuluka, kulowanso, kuika khutu pamwalapo ngati akumvetsera wodwala.

"Bambo a Tekla, mwasanduka nkhuku yofuna poikira?" anafunsa mkazi wake Tsiala. "Apongozi ankamata n'kupita kukadulira mitengo."

"Iwo anali ndi dzanja. Nanga ine ndikalakwitsa, tikachite manyazi pamaso pa alendo?"

"Manyaziwo mukuwaitana nokha."

Khirisimasi isanafike, anaswa dongo nalawa. Vinyo anali bwino. Anamatanso. Patangopita milungu yochepa, nkhawa inamulumanso ngati nsabwe ya m'chovala: kodi ndinamata bwino? Anatsegula kuti aone. Kulawa kulikonse kunkatsitsa vinyo, ndipo mpweya, umene umasasitsa vinyo, unkakhala m'malo mwake.

"Mtumwi Yakobo anati mlimi alindira," anatero Tsiala, ataona dongo laliwisi m'zikhadabo zake.

"Ndangosuzumira, mayi."

"Mkazi wa Loti nayenso anangocheuka."

Tsiku la ukwati, abale a mkwati anazungulira mtsuko akuimba. Gela anatunga, napereka chikho kwa bambo a mkwati. Mkuluyo anamwa, nkhope inachita makwinya, koma anameza mwaulemu.

"Asebere," anatero motsitsa mawu, "uyu ngwabwino kuviikamo nkhaka."

Anali vinyo wosasa, mtsuko wonse. Ku Kana vinyo wabwino anabwera pomaliza, koma kwa Gela anachokera kwa mnansi, m'zigubu zobwereka. Tekla anamwa wa eni ake pa ukwati wake, osayang'ana bambo ake kuti asawalize.

Chaka chotsatira Gela anamata mtsuko, napereka kiyi wa nyumba ya mitsuko kwa Tsiala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ambuye akupatseni mtima wodikira, ndipo zimene mwavundikira m'dzina lake zikhwime pa nthawi yake.